Kulera kagalu ka mtundu waukulu pakhomo posungira ana

Amayi ambiri amene amasunga ana a anzawo masana, makolo ali kuntchito, amafunanso galu wolondera pakhomo, ndipo m'matauni maso a anthu ali pa agalu akuluakulu monga Boerboel, wochokera ku South Africa, kapena Great Dane. Kagalu kotere kamabwera kali ndi masabata 8, konyamulika m'manja. Pofika miyezi 6 kamakhala katafika makilogalamu 30 kapena kuposerapo, pafupifupi kawiri kulemera kwa mwana wa zaka zinayi, koma nzeru zikadali zachibwana ndipo mafupa sanakhwime. Agalu amenewa amamaliza kukula pa miyezi 18 mpaka 24, ndipo nthawi yonseyi pamafunika kusamala mbali ziwiri: mafupa a kagalu ndi chitetezo cha ana.

Tiyambe ndi chakudya, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa pofuna kuchita zabwino. Mwinigalu amafuna kuti kakule msanga, ndiye amadzaza mbale, n'kuwonjezera ufa wa mafupa kapena mapiritsi a kashiamu, mchere wolimbitsa mafupa. Musatero. Kagalu kosakwana miyezi 6 matumbo ake sadziwa kukana kashiamu wopitirira muyeso, amangomutenga yense, ndipo zotsatira zake ndi miyendo yakutsogolo yopindika ndi kutsimphina. Kunenepa nako kumasenzetsa katundu wolemera molumikizira mafupa mukadali mofewa, makamaka m'chiuno ndi m'zigongono. Msinkhu wa galu umachokera ku mtundu wake. Kudyetsa kwambiri kumangofulumizitsa kukula, sikumutalikitsa.

Ngati mukugula chakudya cha m'matumba, sankhani cholembedwa kuti ndi cha tiagalu ta mtundu waukulu, ndipo kashiamu wake asapitirire 1.8 peresenti. Ngati mukuphika nokha, dziwani kuti nsima yokha ilibe zomanga thupi zokwanira, ndipo nyama yopanda fupa ili ndi kashiamu wochepa kwambiri. Usipa kapena bonya wophika, wosathira mchere, amathandiza popeza amadyedwa ndi minga zake, komabe muyeso wake mukambirane ndi dokotala wa ziweto. Gawani chakudya katatu kapena kanayi patsiku mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Sabata iliyonse sisitani m'mbali mwa kagalu: nthiti zizimveka mosavuta m'manja, ndipo mukakayang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka cholowa. Nthiti zikasowa, chepetsani chakudya.

Kazidyera pakokha, chitseko chotseka, ndipo katatha kudya kapume ola limodzi kasanathamange. Agalu a chifuwa chakuya, monga Great Dane, amadwala matenda otupa mimba n'kupotokola: mimba imauma ngati ng'oma, galu amayesa kusanza koma osatulutsa kanthu, dovu lili chuchuchu. Zimenezi zimapha pa maola ochepa, choncho thamangirani kwa dokotala ngakhale usiku. Ana nawonso akamadya, galu asakhalepo. Mwana amagwetsa chakudya, kagalu kamaphunzira kulanda m'manja, ndipo zina monga chokoleti, mphesa zouma ndi ndiwo za anyezi ndi poizoni kwa galu.

Pansi pa matailosi kapena simenti yopakidwa polishi ndi poterera, ndipo kagalu kakamathamangapo miyendo imatang'adza n'kupweteka chiuno. Yalani mphasa kapena kapeti podutsa pake. Musakathamangitse ndi njinga, musakadumphitse pagalimoto kapena pakhonde lalitali. Kuyenda pang'onopang'ono pa udzu kapena pa dothi, m'mawa ndi madzulo dzuwa litapepa, n'kokwanira.

Tsopano za ana. Lamulo ndi limodzi: kagalu ndi mwana asakhale pamodzi popanda munthu wamkulu amene ali pafupi moti atha kugwira galuyo nthawi yomweyo. Kuyang'anira muli kukhitchini sikuyang'anira. Munthu mmodzi sangathe kusintha thewera, kutonthoza wolira ndi kuyang'anira galu nthawi imodzi, ndiye nyumba ikonzedwe moti igwire ntchitoyo yokha. Galu akhale ndi khola kapena mbali yake ya bwalo yotchingidwa, ya mthunzi ndi madzi, ndipo loko wake akhale pamwamba pomwe mwana sangafikire. Kagalu kamagona maola 18 kapena kuposerapo patsiku, ndipo kosagona mokwanira ndi kamene kamalumaluma ndi kudumphira anthu.

Izi sizikutanthauza kukabisa. Kasanakwane masabata 14 ndi pamene kamazolowera zinthu mosavuta, choncho kaziona ana ndi kumva phokoso lawo kali kuseri kwa mpanda, mukukapatsa kanthu kokoma. Kukumana kwenikweni kuzikhala kwa mphindi zisanu, mwana mmodzi, kagalu kali pa chingwe. Mwana asisite pachifuwa kapena paphewa, osakumbatira khosi, osakoka mchira, ndipo osakwera pamsana ngakhale galuyo ataoneka ngati bulu. Kudumphira anthu kuletseni lero lomwe kakadali kakang'ono: kakadumpha tembenukani osakalankhula, miyendo yonse inayi ikakhala pansi kayamikireni. Mchira wokha wa Great Dane umafika kumaso kwa mwana wongoyamba kuyenda.

Nthawi zambiri galu saluma mwadzidzidzi monga anthu amanenera. Amayamba wayasamula, kunyambita milomo, kutembenuza mutu, kuonetsa koyera kwa maso, kenako kuuma thupi ndi kudzuma. Mukaona chimodzi mwa izi chotsani mwana. Musamenye galu chifukwa chodzuma, popeza mukatero adzasiya kuchenjeza koma kuluma sadzasiya.

Katemera wa parvo (matenda osanzitsa ndi otsegula m'mimba) ndi matenda ena a tiagalu amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwerezedwa pakadutsa masabata atatu kapena anayi mpaka masabata 16. Wa chiwewe abayidwe pofika miyezi itatu, ndipo azibwerezedwa monga dokotala walembera pa khadi. Ku Lilongwe bungwe losamalira nyama la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto, ndipo ku Blantyre a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akutemera agalu kuyambira 2015. Khadi la katemerali muzionetsa makolo, ndipo kholo lililonse lidziwe kuti pakhomo pali galu lisanasiye mwana wake.

Njoka za m'mimba n'zimene zimaiwalika, chonsecho zimalowa mwa ana. Perekani mankhwala masabata awiri aliwonse mpaka kagalu katakwana masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, ndipo pambuyo pake miyezi itatu iliyonse. Kayezeni pa sikelo musanapereke, chifukwa muyeso wa mwezi watha sukwaniranso. Mazira a njokazi amatenga masabata awiri kapena kuposerapo ali m'dothi kuti ayambe kupatsira matenda, choncho kuchotsa chimbudzi cha galu tsiku lomwelo kumateteza kwambiri. Mchenga woseweretsa ana uzivundikiridwa. Mukapaka mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, ana asamugwire galu mpaka ubweya utauma.

Mwana akalumidwa kapena kukandidwa mpaka khungu kung'ambika, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, dziwitsani makolo ake nthawi yomweyo, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo mutatenga khadi la katemera wa galu.