Kuwerenga Ziwerengero za Masewera a Tenisi pa Bwalo la Dothi

Masewera akatha, ine sindiyambira pa ma ace, kutanthauza ma serve (kumenya koyambitsa pointi) amene wobweza walephera ngakhale kuwakhudza. Bwalo la Roland Garros ku Paris lili ndi fumbi lofiira la njerwa zosinja pamwamba pake, ndipo mpira ukagunda pansi umachepa liwiro n'kudumpha m'mwamba. Wobweza amapeza nthawi, choncho serve yamphamvu siipha monga pa bwalo la udzu.

Yambani ndi mapointi amene aseweredwa pa serve yachiwiri ya wosewera, imene amamenya yoyamba ikalephereka. Gawani amene wapambana ndi onse amene anaseweredwa. Akakhala pansi pa theka, mnzake amamupanikiza, ngakhale zigoli zioneke bwino.

Kenako ma break point, mwayi umene wobweza amakhala nawo wothyola serve, kutanthauza kupambana gemu imene mnzake akumenya serve. Apa ndimachedwapo, chifukwa ambiri amangoyang'ana peresenti. Wina akapeza mwayi 12 n'kugwiritsa 3, funsani kuti mwayiwo unabwera m'magemu angati. Ngati unabwera m'magemu 4, ndiye kuti anathyola serve katatu mwa kanayi, ndipo anasewera bwino kwambiri.

Lembaninso kutalika kwa kubwezerana: kosapitirira kanayi, kasanu mpaka kasanu n'katatu, ndi kopitirira pamenepo. Mudzaona ngati munthu anapambana ndi nkhonya zoyambirira kapena ndi kupirira.

Ziwerengerozi zigaweni seti ndi seti. Pa fainolo ya amuna ya Roland Garros ya 2025, Carlos Alcaraz analuza maseti awiri oyamba kwa Jannik Sinner, anapulumuka pa ma match point atatu (pamene Sinner anatsala ndi pointi imodzi kuti apambane masewera) mu seti yachinayi, n'kupambana patatha maola 5 ndi mphindi 29. Mukaphatikiza masewera onsewo pamodzi, simuona pamene zinthu zinatembenukira.