Mukayamba kuiwalaiwala muli pa amitriptyline kapena fluoxetine

Munthu wodwala matenda a kukhumudwa akapita ku chipatala cha boma ku Kasungu, nthawi zambiri amabwerako ndi amitriptyline, timapiritsi ta 25 mg, kapena fluoxetine wa 20 mg. Pakapita masiku ena amadandaula kuti mutu sukugwira. Waiwala pomwe waika foni, mawu akumuthawa ali pakamwa, masamu a kubanki m'khonde akumukanika. Ambiri amasiya mankhwala pomwepo. Musafulumire kutero, chifukwa choiwalitsacho chikhoza kukhala matendawo, mankhwalawo, kapena chinthu china chomwe mukumwera limodzi, ndipo chilichonse chili ndi kakonzedwe kake.

Yambani ndi funso ili: kuiwalaku kudayamba liti? Funsaninso wa m'nyumba mwanu, chifukwa iye amaona zomwe inu simuona. Ngati kudalipo musanayambe mankhwala, gwero lake ndi matendawo. Munthu wokhumudwa sagona bwino, ndipo maganizo ake amangozungulira pa ngongole ya feteleza kapena pa maliro, choncho zomwe akuuzidwa sizilowa n'komwe. Zikalephera kulowa sangazikumbukire. Apa chofunika n'kupirira. Mankhwalawa amayamba kuthandiza pakatha masabata 2 mpaka 4, kwa ena 6, ndipo tulo ndi chilakolako cha chakudya zimabwerera msanga kuposa kukumbukira.

Ngati kuiwala kudabwera mutayamba amitriptyline, kapena atakuwonjezerani mlingo, m'pomveka kuwakayikira mankhwalawo. Amitriptyline amatchinga acetylcholine, chinthu cha m'thupi chomwe ubongo umagwiritsa ntchito posunga zinthu zatsopano. Acetylcholine yemweyo amathandizanso malovu, matumbo, maso ndi chikhodzodzo. N'chifukwa chake kuiwala kwa amitriptyline sikubwera kokha: pakamwa pamauma, mumadzimbidwa, maso amaona mwachimbuuzi mukamawerenga, mkodzo umachedwa kutuluka, ndipo tulo timakutsatani mpaka dzuwa litakwera.

Chochita choyamba ndi nthawi yomwera. Imwani cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo, osati pakati pa usiku, kuti mphamvu yogonetsayo ithere pamphasa. Podzuka khalani kaye tsonga pang'ono musanaime, chifukwa mankhwalawa amatsitsa BP munthu akaimirira mwadzidzidzi. Wa kabaza ya njinga yamoto, woyendetsa minibasi ndi wogwira ntchito pachigayo asayambe ntchito ali ndi tulo m'maso. Kwa ambiri kuwodzeraku kumachepa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Malangizo a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu ayambe ndi 25 mg usiku, mlingo uzikwera pang'onopang'ono, ndipo okalamba nthawi zambiri amaimira pa 50 mpaka 75 mg. Woyenera kusintha mlingo ndi dokotala, osati inu.

Za okalamba ndiyenera kutsindika. Amitriptyline amaperekedwanso kwa odwala shuga kapena omwa ma ARV omwe mapazi amawatentha, choncho agogo akhoza kukhala nawo m'kathumba ngakhale sadadwalepo maganizo. Agogo omwe adali bwinobwino akayamba kusochera pakhomo pawo pomwe, kuona zinthu zomwe palibe, kapena kuyendayenda usiku, anthu amathamangira kunena kuti ndi ukalamba, ena mpaka kuwatchula ufiti. Zimenezi zimapweteketsa anthu osalakwa. Tsegulani kathumba ka mankhwala, onani tsiku lomwe adayamba m'buku lawo la kuchipatala, ndipo apititseni kuchipatala tsiku lomwelo.

Fluoxetine sakhudza kwenikweni acetylcholine, ndiye saiwalitsa kawirikawiri. Vuto lake ndi tulo. Mukamwa madzulo mukhoza kuchezera, mawa lake mutu n'kumalemera. Imwani m'mawa mutadya phala. Choopsa chake chenicheni, ngakhale sichichitika kwa ambiri, n'kutsika kwa mchere wa sodium m'magazi, makamaka m'mwezi woyamba, kwa okalamba ndi kwa omwa HCTZ wa BP. Munthu amamva mutu, nseru, kufooka, kenaka kusokonezeka. Kuwonjezera mchere m'ndiwo sikuthetsa vutoli. Pamafunika kuyeza magazi ndi kusintha mankhwala.

Musaiwale za m'golosale ndi za pabotolo. Piriton, promethazine ndi Artane amatchinganso acetylcholine, ndiye mukaphatikiza ndi amitriptyline chisokonezo chimakula. Diazepam, kachasu, masese ndi chamba zimafooketsa kukumbukira pazokha. Tramadol, mankhwala ochepetsa ululu, asamwedwe limodzi ndi amitriptyline kapena fluoxetine dokotala asakudziwa, chifukwa angayambitse kukomoka, kunjenjemera ndi kutentha thupi. Kuchepa magazi, shuga wosakhazikika ndi malungo nazonso zimalemeretsa mutu.

Kuti dokotala akuthandizeni msanga, m'pitireni ndi zolemba. Tengani kope, ndipo kwa masiku 14 muzilemba nthawi yomwe mwamwa mankhwala, maola omwe mwagona, ndi chinthu chenicheni chomwe mwaiwala tsikulo. "Ndidasiya mphika pamoto" amathandiza kuposa "mutu sukuyenda". Kamodzi pa sabata wa m'nyumba akutchulireni mawu atatu osagwirizana, monga mbuzi, chitenje, khasu, mubwereze, ndiye akufunseni pakatha mphindi 5. Azisintha mawuwo sabata iliyonse. Kumeneku sikuyeza matenda, koma kumaonetsa ngati zinthu zikukwera kapena kutsika. Chongani pakalendala mukangomeza piritsi, chifukwa woiwala amatha kumwa kawiri. Mukadumphitsa tsiku, musamwe awiri mawa lake.

Pa tsiku lanu la kuchipatala tengani kopelo, buku la kuchipatala ndi mankhwala onse, ngakhale a zitsamba. Dokotala akhoza kutsitsa mlingo, kuchotsa mankhwala ena osafunikira, kapena kukusamutsani kuchoka pa amitriptyline kupita pa fluoxetine. Kusiya nokha mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, nseru, kusowa tulo ndi kupsa mtima, ndipo matenda akabwerera kuiwala kumabwereranso. WHO imalangiza kupitiriza kwa miyezi 9 mpaka 12 mutachira, kenaka n'kumachepetsa pang'onopang'ono.

Pali zina zosadikirira tsiku lomwe adakulemberani: kusazindikira abale, kulephereratu kukodza, kukomoka, mtima kugunda mosalongosoka, kapena maganizo ofuna kudzipha. Amitriptyline akamwedwa wambiri nthawi imodzi amaimitsa mtima, choncho ngati wodwala ali ndi maganizo otere, kapena akuiwala kuti wamwa kale, wachibale wodalirika ndiye asunge mankhwalawo pokhoma, kutali ndi ana, n'kumapereka a tsiku limodzi basi. A ku Santhe, Chulu kapena Nkhamenya ayambire pa chipatala chapafupi kuti awatumize ku chipatala cha boma, komwe kuli ogwira ntchito za matenda a maganizo. Pakafunika akatswiri, kalata imalembedwa yopita ku chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, ndipo St John of God ili ndi zipatala ku Lilongwe ndi ku Mzuzu.