Mapewa akuwonongeka chifukwa chothamangira chaturanga

Chidutsire pa 21 Juni, tsiku limene dziko lonse limakumbukira yoga, anthu ambiri ayamba masewerawa potsatira mavidiyo a pa foni. Zimenezo n'zabwino. Chondidetsa nkhawa n'chakuti m'nyengo yachisanu ino amene akubwera kudzafunsa malangizo kwa ine monga mphunzitsi wa yoga akudandaula chinthu chimodzi: kutsogolo kwa phewa kukuwawa, makamaka pokweza mkono kapena pogonera mbali imeneyo usiku. Akandionetsa mmene amachitira, vuto limapezeka pa chaturanga, kachitidwe ka yoga kopinda mikono n'kutsitsa thupi lowongoka pafupi ndi pansi.

Poyambira pake manja ndi zala zakumapazi zimakhala pansi, mikono ndi thupi zili zowongoka. Zimasokonekera potsika. Munthu amagwetsa chifuwa mpaka kutsala pang'ono kukhudza mkeka, mapewa n'kutsika kupitirira zigongono, zigongonozo zitatasukira kunja, chiuno chili m'mwamba. Iye amaona ngati akamatsika kwambiri ndiye kuti wakhwima.

Phewa silinapangidwe ngati chiuno. Fupa la ntchafu limalowa m'dzenje lakuya, pomwe mutu wa fupa la mkono umangotsamira pamalo osaya, n'chifukwa chake mkono umazungulira mbali zonse. Chimene chimaugwira ndi timinofu tinayi tomwe madokotala amati rotator cuff. Mapewa akagwera kutsogolo, mutu wa fupawo umakankhira kutsogolo komweko, ndipo kulemera kwa thupi kumathera pa timinofuti ndi pa mtsempha wodutsa pamenepo wa biceps, mnofu wakutsogolo kwa mkono. Kuchita kamodzi sikuvulaza. Koma mu surya namaskar, mndandanda wa machitidwe a yoga otsatizana, chaturanga imabwerezedwa kambirimbiri, m'mawa uliwonse, thupi lisanafunde n'komwe. Mtsempha ukatupa suchira msanga, umatha kuvuta miyezi. Munthu amalephera kutula ndowa pamutu, kuyanika zovala, ngakhale kuvala malaya. Ndalama n'kumathera pa mankhwala opha ululu ndi maulendo akuchipatala.

Ndipo ndatopa nawo mawu akale aja akuti "chikamawawa ndiye kuti chikugwira ntchito". Kutopa kwa minofu n'kwina, kubaya kwa m'mfundo n'kwinanso. Enanso amati kugwaditsa mawondo pochita chaturanga n'kwa ofooka. Anakuuzani ndani?

Chaka chatha panali bambo wina, mlimi wa chimanga ndi mtedza, wolimbikira zedi. Nditawauza kuti ayambe ndi mawondo pansi anakana. "Aphunzitsi, ine ndimasenza thumba la feteleza la makilogalamu 50, ndilephere bwanji kunyamula thupi langa?" Mphamvu analidi nazo, koma chifukwa chowerama ndi khasu zaka zambiri mapewa awo anali atapindikira kale kutsogolo, ndipo minofu yogwira mafupa a kuseri kwa mapewa sinkawathandiza potsika. Anapitiriza mwanjira yawo. Pofika nthawi yokonza minda khasu linkawakanika kukweza, mizere anachita kulembera aganyu. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa zinali zopeweka.

Zochita sizambiri. Yambani mwafunditsa thupi pozunguza mikono. Sunthirani thupi patsogolo pang'ono musanapinde mikono, zigongono ziyandikane ndi nthiti, ndipo imani mapewa akafika mulingo umodzi ndi zigongono, kapena pamwamba pang'ono. Limbitsani mimba. Zikakanika, mawondo pansi, kapena dzikankheni pakhoma kufikira mphamvu zitabwera. Pemphani mnzanu akujambuleni cham'mbali ndi foni yomweyo kuti mudzione. Ngati phewa layamba kale kubaya, kapena mkono ukuchita dzanzi, siyani chaturanga ndipo mupite kuchipatala akakuoneni.