Mmene mungaphunzirire za Chibuda muli ku Blantyre

Munthu wofuna kumvetsa Chibuda ayambe ndi moyo wa Siddhartha Gautama, wodziwika kuti Buddha, amene anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo. Ulaliki wake woyamba, umene anauchitira ku Sarnath m'dziko la India, ndiwo maziko a zonse: moyo uli ndi mavuto, mavutowo amadza chifukwa cha chilakolako chosakhutitsidwa, angathe kutha, ndipo pali njira ya mbali 8 yowathetsera.

Musathamangire mfundo zimenezi. Zilembeni m'kope m'mawu anuanu, pakuti liwu lakuti dukkha, limene limamasuliridwa kuti mavuto, silitanthauza ululu wokha, koma limakhudzanso kusakhutira kumene kumatsala mumtima ngakhale mutagula chovala chimene munkachisirira mwezi wonse pa msika wa Limbe.

Kenaka tengani mapu, mulondole ndi pensulo mmene chipembedzochi chinafalikira. Mfumu Ashoka ya ku India inachilimbikitsa m'zaka za m'ma 200 Yesu asanabadwe, ndipo chinafika ku Sri Lanka, kumene gulu la Theravada linazika mizu. Gulu la Mahayana linadutsa m'njira za amalonda mpaka ku China, kenaka ku Korea ndi ku Japan.

Ine ndimaona kuti mabuku okha sakwanira. Kuno kwathu kuli Amitofo Care Centre, nyumba ya Chibuda yosamalira ana amasiye, yomwe dzina lake ndi katchulidwe ka Chitchaina ka Buddha Amitabha wa mwambo wa Mahayana. Pemphani chilolezo musanapiteko, muvale modzilemekeza, ndipo mukafunse mofatsa tanthauzo la kugwada, lubani ndi kusadya nyama.