Siwa ya Mwana Woferedwa Ali ku Joni

Wachinyamata akaferedwa kholo ali kuno ku Johannesburg, kawirikawiri maliro samawapeza. Basi yochoka pa Park Station imatha masiku awiri kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, ndipo ena mapepala awo adatha kale. Munthu amene sanaone nkhope, mtima wake umakana kuti malemu apitadi, tulo n'kusowa miyezi. Choncho siwa timuyalire konkuno.

Uthenga asaumvere pa Facebook. Amalume kumudzi ayambe aimbira munthu wamkulu wa kuno, apite awiri akamuuze atamukhazika pansi. Usiku umenewo asagone yekha.

Pezani chipinda, kaya ndi ku Rosettenville kaya ku Yeoville, muchotse mipando, muyale mphasa kapena mabulangete. Mwini nyumba muuzeniretu, chifukwa nyimbo za usiku zimautsa mkangano ndi oyandikana nawo. Anthu khumi akwana. Phikani nsima, namfedwa adye ngakhale nthongo ziwiri. Chipepeso chilembedwe m'kope ndi munthu mmodzi, ndipo musatumize chonse pa Mukuru: mumusiyireko ya lendi ndi chakudya, poti masiku amene sapita kuntchito ambiri salipidwa.

Tsiku loika, nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi. Gulirani data wachibale mmodzi kumudzi, foni yake ikhale yodzaza moto, aimbe pa WhatsApp pa nthawi yoona nkhope ndi yoika nkhata. Koma yambani mwamufunsa namfedwayo ngati akufuna kuona; akakana, amve nyimbo zokha. Mnyamata akalira musamuuze kuti mwamuna salira. Mawu amenewo ndi amene amathamangitsira ana athu ku mowa.

Kumudzi akamameta, nayenso amete ngati ndi mwambo wa kwawo. Asilamu asonkhane pa sadaka ya masiku 40.

Chimene timalakwitsa kwambiri n'kubalalika maliro akangoikidwa. Gawanani masiku omuyendera kwa mwezi wathunthu. Pakatha milungu iwiri akukanabe chakudya, sakugona, akudzitsekera m'chipinda, muperekezeni ku kiliniki. Akanena zofuna kutsatira malemu, mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumuika maganizowo m'mutu. Akavomera, chotsani mankhwala ndi zingwe, musamusiye yekha, ndipo imbani nambala yaulere ya SADAG, bungwe la kuno lothandiza ovutika maganizo, 0800 567 567, usana kapena usiku.