Mafunso a analogy: yambani ndi chiganizo, mayankho muwaone pambuyo

Makolo amene ana anu akukonzekera SSAT, mayeso olowera sukulu za pulaiveti ku America, dziwani kuti chigawo cha mawu pa mlingo wapakati ndi wapamwamba chili ndi mafunso 60 oti ayankhidwe m'mphindi 30, ndipo 30 mwa iwo ndi a analogy. Kwa inu a ku Britain, mafunso amtunduwu amapezekanso m'mapepala ambiri a 11-plus olowera grammar school. Funso limapereka mawu awiri amene ali paubale wina wake, ndiye mwana apeze awiri ena a ubale womwewo. Ana ambiri amalakwa ngakhale mawuwo akuwadziwa bwino, chifukwa amathamangira kuyang'ana mayankho asanadziwe chimene akufunafuna.

Yambirani kunyumba, m'Chichewa chomwechi. Lembani papepala kuti khasu : kulima, nkhwangwa : chiyani? Pansi pake ikani mtengo, nkhuni, kudula, chitsulo. Mudzaona mwana akuloza mtengo, popeza akangomva nkhwangwa m'mutu mwake mumabwera mtengo. Muuzeni aphimbe mayankhowo ndi dzanja, kenaka anene chiganizo chachifupi cholumikiza mawu awiri oyambawo: "Khasu ndi chida cholimira." Tsopano alowetsemo nkhwangwa. "Nkhwangwa ndi chida chodulira." Kudula kwalowa, enawo akana okha.

Pali nthawi imene chiganizo chimakhala chotakasuka kwambiri moti mayankho atatu amakwanamo, ndipo apa m'pamene ndimafuna muchedwepo. Titenge njuchi : mng'oma, mayankho n'kukhala nsomba : nyanja, mpheta : chisa, mbuzi : khola. Mwana akati "njuchi zimakhala mumng'oma," onse atatu alowa, iye n'kuyamba kukanda m'mutu. Asalotere msanga. Abwerere ku mawu oyamba aja, awafinyenso. Mng'oma amapanga ndani? Munthu, pofuna kusunga njuchi zake. Chisa mpheta imaluka yokha, nyanja palibe anaipanga. Latsala khola. Luso lenileni la mafunsowa lagona pa kuwonjezera mfundo imodzi m'chiganizo mpaka yankho litatsala limodzi, ndipo mwana amene wazolowera izi sasokonezeka ngakhale mawu atakhala a Chingerezi.

Samalaninso ndi dongosolo la mawu. Funso likati thole : ng'ombe, yankho la nkhuku : mwanapiye ndi msampha. Ubale ndi womwewo koma wazondoka, chifukwa mwana wa chiwetocho amayenera kukhala kutsogolo. Olemba mayeso amaukonda msampha umenewu, ndipo umakola ana ochenjera amene akuthamanga ndi nthawi.

Msampha wina ndi wa liwu la matanthauzo awiri. Pa mtengo : katundu, mwana woganiza za mtengo wamasamba adzatha mphindi yonse osapeza mutu wake, pomwe nkhani ndi ya ndalama, ndipo mnzake ndi malipiro : ntchito. Chingerezi chili ndi mawu otere ambirimbiri. Bark ndi khungwa komanso kuuwa kwa galu. Chiganizo chikakana kutuluka, mwana adzifunse ngati liwulo lilibe tanthauzo lina.

Za nthawi, masamu ake ndi osavuta: funso lililonse lili ndi masekondi 30 basi. Pa SSAT ya milingo iwiri ija, yankho lolakwa limachotsetsa kota ya malikisi amodzi, pomwe kusiya osayankha sikuchotsetsa kanthu. Kulakwa kanayi kumadya funso limodzi limene mwana anakhoza. Ine ndimalangiza kuti akatha kuchotsa mayankho awiri mwa asanu amene funso lililonse limakhala nawo, asankhe pa otsalawo. Akaona kuti mawu onse ndi achilendo, adumphe, adzabwerereko nthawi ikatsala.

Mabuku oyeserera musavutike kugula atsopano okhaokha. SAT, mayeso olowera koleji ku America, inasiya kufunsa analogy mu 2005, ndipo GRE, mayeso olowera maphunziro a digiri yachiwiri, inasiya mu 2011, choncho mabuku akale a mayeso amenewa, amene ogulitsa mabuku akaunjika amawataya motchipa, ali ndi mafunso ochuluka, ngakhale a GRE angamulemere mwana wamng'ono. Kwa akuluakulu ofuna maphunziro apamwamba, Miller Analogies Test, ija ya mafunso 120 m'mphindi 60, inathetsedwa mu November 2023, ndiye musataye nayo ndalama.

Mafunso khumi patsiku ndi okwanira, bola mwana azilemba chiganizo chake pambali pa funso lililonse. Pochonga, musangoona ngati wakhoza. Werengani chiganizocho mokweza pamodzi naye. Pa funso limene walakwa, alembe m'kope liwu limene linamuvuta, tanthauzo lake, ndi chiganizo chimene chikanamuthandiza, ndipo Loweruka abwerezenso mafunso olakwawo okhaokha mayankho ataphimbidwa.