Momwe mungasankhire mphaka woti agwirizane ndi amphaka amene muli nawo kale

Ambiri timatenga mphaka chifukwa watikongolera, kapena chifukwa mnansi akugawa tiana. Koma ngati pakhomo pali kale amphaka, kusankha kuyambire pa iwowo.

Choyamba, yang'anitsitsani khalidwe la anuwo. Ngati muli ndi wokalamba amene amangowothera dzuwa pakhonde, kamwana kongodumphadumpha kadzamusowetsa mtendere, kumugwira mchira iye akufuna kugona. Wotereyu mupezereni mnzake wamkulu wofatsa, apo ayi tengani tiana tiwiri kuti tizivutana tokha. Wamantha musamubweretsere wolusa.

Kenako pitani mukamuone mphakayo komwe akukhala, makamaka nthawi ya chakudya. Khalani pansi chete osamuitana. Amene akubwera yekha mchira uli m'mwamba n'kukununkhizani, ndiye wabwino. Onaninso mmene akuchitira ndi anzake: amene akuthamangitsa ena pambale, kapena kukhala pakhomo n'kuwatsekereza njira, adzachitanso zomwezo kwanu. Funsani ngati anakulira pakati pa amphaka ena. Kamwana musakachotse kwa mayi ake kasanakwane milungu 8, chifukwa n'komwe kamaphunzira kusewera osaluma mopweteka.

Asanalowe m'nyumba, mupititseni kwa dotolo wa ziweto. Alandire katemera wa chiwewe, apatsidwe mankhwala a njoka zam'mimba ndi utitiri, komanso afulidwe. Amphongo osafula ndi amene amamenyana kwambiri, ndipo matenda a FIV, omwe amafooketsa chitetezo cha m'thupi mwa amphaka, amapatsirana polumana. Ku Lilongwe, bungwe losamalira nyama la LSPCA lili ndi chipatala cha ziweto ndipo limasunga amphaka osowa pokhala.

Mukafika naye, musangomuponya pabalaza kuti "azolowerana okha". Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mupatseni chipinda chakechake kwa mlungu umodzi kapena iwiri, ndi mbale, madzi ndi katoni yobisalamo. Tengani kachitenje kakale, mumupukute nako m'masaya, mukakaike pomwe enawo amagona. Teroninso ndi enawo. Mphaka amadziwa mnzake ndi fungo asanamuone. Muziwadyetsa uyu mkati, awa kunja kwa chitseko chomwecho, kenako muzitsegula pang'ono.

Kufwenthera ndi kuimika ubweya masiku oyamba si nkhani. Koma mukaona wina wasiya kudya, kapena wayamba kukodzera pamphasa, tsekaninso chitseko muyambirenso. Mabokosi a mchenga odzithandiziramo akhale ochuluka kuposa amphaka ndi limodzi: amphaka atatu, mabokosi anayi, ndipo asakhale pamalo amodzi.